Kukopera magemu, mitengo yake ndi kubwereza akale: mkangano uli pati?

Mu June 2025 kampani ya Nintendo inayamba kugulitsa gemu ya Mario Kart World pa mtengo wa madola 80 a ku America, ndipo okonda magemu anadandaula koopsa. Chaka cha m'mbuyo mwake, kumapeto kwa March 2024, kampani ya ku France ya Ubisoft inali itazimitsa maseva (makompyuta a kampani amene gemu imadalira pa intaneti) a The Crew, gemu ya mipikisano ya magalimoto, moti aliyense amene anaigula, ngakhale amene disiki yake anali nayo m'manja, sakanathanso kuisewera. Palinso chizolowezi chimene chakula masiku ano chotenga gemu ya zaka 10 kapena 20 zapitazo, kuikonzakonza n'kuigulitsanso pa mtengo wa yatsopano.

Nkhani yotere ikangotuluka, sipalephera kupezeka wina wonena kuti ngati zili choncho iye angokopera yaulere. Mnzake n'kumuuza kuti ndi wakuba, mkangano n'kubuka. Chimene chimasokoneza n'chakuti anthu awiriwa nthawi zambiri sakukamba za chinthu chimodzi. Nkhani zitatuzi, ya kukopera, ya mitengo ndi ya kubwereza magemu akale, zimakumana pa funso limodzi limene ambiri salifunsa asanalipire.

Ukalipira gemu, wagula chiyani?

Mwalamulo, gemu si yanu ngakhale mwailipira. Chimene mumagula ndi laisensi, chilolezo choti muisewere motsatira mfundo zimene mwini wake waika. Mfundozo ndi mawu ambirimbiri aja amene amabwera gemu isanayambe, amene tonse timangodina kuvomera osawerenga.

Zakhala choncho kuyambira kale, koma m'nthawi ya makatiriji ndi madisiki palibe amene ankaziona. Disiki inali m'nyumba mwanu, mumatha kubwereka mnzanu, kusinthanitsa kapena kuigulitsa mukatopa nayo, ndipo kampani inalibe njira yobwera kudzakulandani. Zinasintha pamene magemu anayamba kugulidwa pa intaneti, makamaka kuchokera pamene kampani ya Valve inatsegula sitolo ya Steam mu 2003. Gemu ya pa intaneti imamangiriridwa ku akaunti yanu. Simungaigulitse, ndipo ngati imafuna seva kuti iyende, moyo wake uli m'manja mwa amene akulipira sevayo. Izi n'zimene zinachitikira The Crew, yomwe inatuluka mu 2014 n'kufa patatha zaka pafupifupi 10.

Boma la California linaona kuti mawu oti "gula" akusocheretsa anthu. Mu September 2024 linakhazikitsa lamulo loti sitolo ya pa intaneti isagwiritse ntchito mawuwa popanda kuuza wogula momveka kuti akulandira laisensi chabe. Patangopita milungu yochepa, Steam inayamba kuika chenjezo limeneli pamalo olipirira. Lamuloli silinapatse wogula ufulu watsopano, linangochititsa kuti auzidwe zoona.

Kukopera mozemba ndi maloko oteteza

Chimene chimatchedwa piracy ndi kukopera, kugawa kapena kugwiritsa ntchito gemu popanda chilolezo cha mwini wake. Kwa Mmalawi nkhaniyi si yachilendo, chifukwa ndi yomwe oimba athu akhala akulira nayo pa za kubena nyimbo, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta ngati mmene limatetezera nyimbo ndi mabuku. M'mayiko ambiri malamulo amanena chimodzimodzi. Ndiye funso loti kaya n'kulakwira lamulo lilibe mkangano weniweni. Chimene anthu amakanganirana n'chakuti kodi amene wavulala ndani, ndipo wavulala bwanji.

Nkhondo ya opanga magemu ndi okopera inayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1980, gemu inkabwera pa tepi kapena pa floppy, ndipo kukopera kunali kosavuta. Makampani anayamba kuika mafunso amene yankho lake linali m'kabuku ka m'bokosi. Gemu ya The Secret of Monkey Island ya mu 1990 inkabwera ndi mapepala awiri olimba ozungulira, olumikizidwa pakati, ojambulidwa nkhope zodulidwa pakati. Gemu ikakuonetsani nkhope pa sikirini, munkazunguliza mapepalawo mpaka mphumi ndi chibwano zifanane ndi nkhopeyo, kenako n'kuwerenga chaka chimene chaonekera pa kabowo n'kuchilemba. Wopanda pepalalo ankathera pomwepo, mpaka anthu anayamba kufotokopa mapepalawo.

Nintendo inasankha njira ina mu 1985, yoika kachipangizo m'makina ake a NES kokana katiriji iliyonse yosavomerezeka. Sizinaletse mafakitale ena kupanga makina ofanana nawo, amene anafalikira ku Russia, ku South America ndi kuno ku Africa, ndi makatiriji aja olonjeza magemu mazanamazana pomwe enieni ndi ochepa obwerezabwereza. PlayStation ndi PlayStation 2 zitabwera, amisiri anaphunzira kuziika chip kuti ziziwerenga madisiki obena. Mukalowa m'tinyumba tosewerera mpira wa pa TV m'matauni mwathu, momwe anyamata amalipira kuti amenye gemu imodzi opambana n'kutsala pa mpando, mudzaona kuti makina ambiri magemu ake ali pa flash kapena pa hard drive, bokosi la disiki mulibe.

Maloko a masiku ano amatchedwa DRM, ndipo mbiri yawo ili ndi zipsera. Gemu ya Spore ya mu 2008 inkalola kuikidwa pa kompyuta katatu kokha, anthu anakwiya, ndipo inakhala imodzi mwa magemu okopedwa kwambiri chaka chimenecho. Assassin's Creed II ya pakompyuta, mu 2010, inkafuna intaneti nthawi yonse ngakhale mukusewera nokha, moti netiweki ikangodukiza gemu inkaima. Amene anakopera yothyoledwa loko ankasewera mwamtendere, amene analipira ndiye ankavutika. Apa ndi pamene odana ndi DRM amatsamira kwambiri, ndipo n'zovuta kuwatsutsa. Kuyambira 2014 loko wotchuka ndi Denuvo, wopangidwa ku Austria, yemwe ndi wovuta kuthyola. Osewera ambiri amati amachedwetsa gemu, eni ake amakana.

Kodi kukopera kumagwetsadi malonda?

Apa pali mbali ziwiri zomwe zonse zimakokomeza. Makampani akhala akuwerengera gemu iliyonse yokopedwa ngati ndalama yotayika, ngati kuti aliyense amene anaitenga mwaulere akanaigula. Okopera nawo amakonda kunena kuti palibe chimene chatayika poti mwini wake gemu yake akadali nayo.

Kafukufuku amene alipo sagwera mbali imodzi. European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inalipira kampani ya Ecorys kuti ifufuze nkhaniyi, lipoti linatha mu 2015 koma linadziwika kwa anthu mu 2017 phungu wina wa Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, Julia Reda, atalipempha. Silinapeze umboni wamphamvu woti kukopera kumachepetsa malonda a magemu, ndipo manambala ake ankaonetsa ngati kumathandizako, ngakhale olemba akewo anachenjeza kuti manambalawo sanali olimba mokwanira. Mu 2024 William Volckmann anatulutsa kafukufuku wa magemu okhala ndi Denuvo, n'kupeza kuti loko akathyoledwa gemu itangotuluka, ndalama zimatsika ndi pafupifupi 20 peresenti, koma akathyoledwa patapita milungu 12 kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri. Mwina n'chifukwa chake makampani ambiri amachotsa okha Denuvo pakapita miyezi.

Gabe Newell, mkulu wa Valve, ananena mu 2011 kuti kukopera nthawi zambiri kumabwera chifukwa cha kusatumikira bwino ogula, osati chifukwa cha mtengo, ndipo ankapereka chitsanzo cha Russia, dziko limene anthu ankati simungagulitseko gemu koma linakhala msika waukulu wa Steam. Kampani ya ku Poland ya CD Projekt inatsegula sitolo ya GOG mu 2008 yogulitsa magemu opanda loko, ndipo The Witcher 3 ya mu 2015 inagulidwa kwambiri ngakhale aliyense akanatha kuikopera tsiku loyamba.

Koma si onse opanga magemu ali ndi mphamvu zotere. Mu 2013 abale awiri a kampani yaing'ono ya Greenheart Games anatulutsa Game Dev Tycoon, gemu ya madola 8 yoyerekezera kuyendetsa kampani yopanga magemu. Iwo eni anaika kope laulere pamalo okoperana, atalisintha mwachinsinsi: m'kope limenelo, kampani ya wosewerayo imagwa chifukwa anthu akukopera magemu ake. Tsiku loyamba, oposa 93 peresenti ya osewera anali pa kope lozembalo, ndipo ena anafika pofunsa pa intaneti njira yothanirana ndi okopera amene akuwagwetsera kampani. Kwa anthu awiri amene adya ndalama zawo popanga gemu, nkhani yoti palibe wavulala siimveka.

Choncho dzina limodzi la piracy likuphimba anthu osiyana: amene ali ndi ndalama koma safuna kulipira, amene alibe njira yolipirira, amene analipira kale koma loko akumuvutitsa, ndi amene akufuna gemu yomwe palibenso akuigulitsa. Lamulo limawaona mofanana. Anthu ambiri, ngakhale ena opanga magemu, sawaona mofanana.

Magemu amene palibe akuwagulitsa

Gulu lomalizali ndi lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu July 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti 87 peresenti ya magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso paliponse. Masitolo a pa intaneti a Nintendo 3DS ndi Wii U anatsekedwa mu March 2023, ya Xbox 360 mu July 2024, ndipo magemu amene ankapezeka mmenemo mokha anapita nawo.

Apa ndi pamene pamabwera emulator, pulogalamu imene imachititsa kompyuta kapena foni kukhala ngati makina akale a gemu. Pulogalamu yotereyi payokha si yoletsedwa ku America, ndipo khoti linagamula choncho mu 2000 pa mlandu wa Sony ndi Connectix. Vuto lili pa mafayilo a magemuwo, otchedwa ROM, ndi pa kuthyola maloko, komwe lamulo la DMCA la 1998 limaletsa. Nintendo ndiyo imadziwika ndi kusanyengerera. Mu 2018 eni a LoveROMs, tsamba la pa intaneti logawa ma ROM, anavomera chigamulo cha madola oposa 12 miliyoni, ndipo mu March 2024 opanga Yuzu, emulator ya makina a Nintendo otchedwa Switch, anavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Nkhani ya Yuzu inali yosiyana ndi ya magemu akale, chifukwa Switch inali ikadali pamsika, ndipo Nintendo inati gemu ya Zelda ya Tears of the Kingdom inakopedwa koposa 1 miliyoni isanatuluke n'komwe. Poti mlanduwo unatha pokambirana, khoti silinanene kuti malire ali pati.

Malaibulale a ku America anapempha kuti aziloledwa kuonetsa ofufuza magemu akale kudzera pa intaneti, monga amachitira ndi mabuku. Ofesi yoona za copyright inakana mu October 2024, makampani atanena kuti anthu azingosewera mwaulere m'dzina la kafukufuku.

Mtengo: 60, 70, 80

Kuyambira cha m'ma 2005 ndi 2006, pamene Xbox 360 ndi PlayStation 3 zinatuluka, gemu yaikulu inkagulidwa madola 60, ndipo mtengowo unakhala osasuntha zaka pafupifupi 15. Take-Two ndiyo inayamba kuswa mwambowu mu 2020 pogulitsa NBA 2K21 ya makina atsopano pa madola 70. Sony inatsatira chaka chomwecho, Microsoft ndi Nintendo mu 2023. Madola 80 a Mario Kart World atabwera, Microsoft inalengeza kuti The Outer Worlds 2 ikhalanso ya 80, koma mu July 2025 inabweza mtengowo pa 70.

Makampani ali ndi mfundo zomveka. Madola 60 a mu 2006 ndi ofanana ndi oposa 90 a mu 2025, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makatiriji ena ankafika kale madola 70. Ndalama zopangira gemu nazo zakwera modabwitsa. Tinazidziwa mwangozi mu 2023, pa mlandu wa boma la America ndi Microsoft, pamene zikalata za Sony zinafufutidwa ndi cholembera chakuda chimene chinkaonekera mkati: The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni, Horizon Forbidden West 212 miliyoni. Pa gemu iliyonse yogulitsidwa, sitolo ngati Steam nthawi zambiri imatengapo 30 peresenti.

Ogula amayankha kuti msika nawo wakula kwambiri. Grand Theft Auto V ya mu 2013 yagulitsidwa makope oposa 200 miliyoni. Gemu ya pa intaneti sifuna fakitale ya madisiki kapena galimoto yonyamula. Chachikulu n'chakuti mtengo wa pa chikuto sulinso mtengo wonse. Mu 2006 anthu anaseka Bethesda pogulitsa zovala za hatchi za mu gemu ya Oblivion pa madola 2.50, koma lero kugulitsa tinthu ta mkati mwa gemu ndi gwero lalikulu la ndalama. Okonda mpira amadziwa Ultimate Team, yomwe kampani ya EA inayambitsa m'gemu ya FIFA mu 2009, momwe mumagula paketi ya osewera osadziwa kuti mupezamo ndani. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi amwayi otere ndi juga. Komanso pali magemu ngati Fortnite amene kulowa n'kwaulere, ndi Game Pass ya Microsoft yolipira pamwezi, yomwe gawo lake lapamwamba linakwera kuchoka pa madola 19.99 kufika 29.99 mu October 2025.

Mkangano wonsewu umachitika m'madola, ngati kuti aliyense amalandira madola. Steam imalola opanga magemu kutsitsa mtengo m'mayiko osauka, koma anthu a m'mayiko olemera anayamba kunamizira kukhala ku Argentina kapena ku Turkey kuti agule motchipa, ndipo ndalama za mayiko awiriwa zinkagwa mphamvu mosalekeza. Mu November 2023 Valve inasiya kulandira ndalama zawo n'kuika mitengo m'madola, magemu ambiri n'kukwera mtengo kwa eni dziko. Mwezi womwewo kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, madola 70 ndi ndalama zoposa K120,000, pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu a munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma m'chaka chimenecho. Apo simunawerengere bandulo yotsitsira gemu ya magigabaiti 100, kapena vuto lopeza khadi imene banki ingailole kulipira kunja pamene forex ikusowa. Izi sizisintha zimene lamulo likunena, koma zikufotokoza chifukwa chake mfundo yoti gemu iliyonse yokopedwa ndi malonda otayika imamveka yachilendo kuno.

Port, remaster ndi remake

Mawu atatuwa amasakanizidwa, nthawi zina mwadala ndi otsatsa malonda. Port ndi kusamutsa gemu kuti iyende pa makina ena osaisintha. Remaster ndi gemu yomweyo, zithunzi ndi mawu zitawalitsidwa. Remake ndi kuipanganso kuyambira pansi. Tiyerekeze ndi nyumba: remaster ndi kupaka penti ndi kusintha malata, remake ndi kugumula n'kumanganso pa puloti yomweyo, mwina zipinda n'kuzisuntha.

Mwambowu si watsopano. Nintendo inachita kale mu 1993 ndi Super Mario All-Stars, ndipo Capcom inapanganso Resident Evil ya mu 1996 m'chaka cha 2002. Chimene chachulukitsa ntchitoyi masiku ano ndi ndalama zija tatchula. Munthu amene akuika madola 200 miliyoni pa gemu amafuna dzina limene anthu amalidziwa kale, ndipo ana amene ankasewera PlayStation yoyamba lero ndi akuluakulu olandira malipiro.

Zina zimatuluka bwino kwambiri. Resident Evil 2 ya mu 2019 inatenga nkhani ya mu 1998 n'kusintha kasewereredwe konse, ndipo ngakhale okonda yakale anaiyamikira. Final Fantasy VII Remake ya mu 2020 inatenga maola oyambirira okha a gemu ya mu 1997 n'kuwatambasula kukhala gemu yathunthu, gawo lachiwiri linabwera mu 2024, kutanthauza kuti nkhani imene inali ya mtengo umodzi tsopano ndi ya mitengo itatu. Ena amati ndi luso, ena amati ndi kukama ng'ombe. The Last of Us inatuluka mu 2013, remaster yake mu 2014, remake mu 2022 pa madola 70, ndipo ambiri anafunsa ngati gemu ya zaka 9 inali itakalamba moti n'kufunika kumangidwanso.

Pamene nkhaniyi imakhudzana ndi kukopera ndi pamene yatsopano ibwera kudzachotsa yakale. Mu 2021 Rockstar inachotsa m'masitolo a pa intaneti GTA III, Vice City ndi San Andreas zoyambirira, kukonzekera kugulitsa zokonzedwanso mu November. Zatsopanozo zinatuluka ndi mavuto ambiri, nkhope zopindika, mvula yotseka maso, nyimbo zina palibe chifukwa malaisensi ake anatha. Rockstar inapepesa n'kubwezeretsa zakalezo pa sitolo yake ya pakompyuta. Blizzard inachita zoposa apo mu January 2020: Warcraft III Reforged inalowa m'malo mwa pulogalamu yakale ngakhale kwa amene sanagule yatsopanoyo, ndipo zinthu zina zimene anazolowera zinasowa. Nthawi zina kampani imakhala itataya mafayilo ake oyambirira, monga zinachitikira Konami ndi Silent Hill HD Collection mu 2012, imene inapangidwa kuchokera ku mafayilo osamalizidwa. Zikatero, kope lokhulupirika la gemu yoyambirira limakhala m'manja mwa osunga madisiki akale ndi okopera aja.

Okonda gemu akaipanganso okha, zimatengera mtima wa mwini wake. Nintendo inaletsa AM2R, remake ya Metroid II yopangidwa ndi wokonda gemuyo, patangopita masiku ochepa itatuluka mu 2016. Valve inalola gulu la Black Mesa kupanganso Half-Life, mpaka kuigulitsa pa Steam.

Zimene sizinathe

Imfa ya The Crew inabala kampeni ya Stop Killing Games, yoyambitsidwa ndi Ross Scott mu 2024. Sikupempha kuti makampani aziyendetsa maseva mpaka kalekale, koma kuti akamatseka azisiya gemu ili yoti n'kuseweredwa. Pofika July 2025 pempho lake ku European Union linali litadutsa masiginecha 1 miliyoni, chiwerengero chimene chimakakamiza European Commission kuyankha akatsimikizidwa. Bungwe loimira makampani la Video Games Europe linati lamulo lotere lingakweze kwambiri mtengo wopangira magemu a pa intaneti, komanso maseva a anthu wamba sangateteze osewera. Ngati lamulo lingabwere, padzafunika kumasulira kuti gemu yoti n'kuseweredwa ndi yotani, makamaka imene inapangidwira anthu zikwi kusewera pamodzi.

Disiki nayo sikudziwika kuti ikhala mpaka liti. Switch 2 yabwera ndi makadi ena otchedwa Game-Key Card, amene mkati mwake mulibe gemu koma kiyi yoitsitsira pa intaneti. Mungathe kuigulitsa kwa wina, koma tsiku limene seva idzatsekedwe, khadi imene gemu yake sinatsitsidwe idzakhala pulasitiki chabe.

Funso la madola 80 lili m'manja mwa ogula, ndipo kubwerera m'mbuyo kwa Microsoft kukusonyeza kuti makampani nawo akuyesa madzi. Pa mitengo ya mayiko osauka, palibe amene wapeza njira yotsitsira mtengo ku Lilongwe kapena ku Buenos Aires popanda wa ku London kudutsira pomwepo. Ndipo pa gemu imene mwini wake sakuigulitsa, sakuikonzanso, koma sakulolanso wina kuigawa, malamulo a copyright a ku America amateteza ntchito ya kampani zaka 95 kuchokera pamene yatuluka, pomwe madisiki ndi makina oisewerera amawonongeka kalekale zakazo zisanakwane.